Nsanja Yoimikidwa M'chilimwe Iyesedwe M'dzinja

Alangizi anzanga, kaya muli ku Mchinji kapena ku Chipata, ku Ulónguè kapena kutsidya kwa Zambezi, ndikhulupirira kuti ambiri a inu munakhalapo pa msonkhano wa mtundu uwu. Kwabwera alendo pa galimoto zoyera, atambasula mapu aakulu patebulo, ndipo akuti posachedwa ofesi ya zaulimi ilandira intaneti yothamanga yopanda mawaya. Mlangizi amaitanidwa kuti asonkhanitse anthu, akonze mipando ndi kutanthauzira zokamba za alendowo. Koma pa nkhani ya pamene nsanja idzaime, kutalika kwake, ndi amene adzaisamale, iye safunsidwa, poti amati zimenezo n'za mainjiniya.

Ine ndikuona kuti pamenepa m'pamene pamayambira kugwa kwa zitukuko zambiri za mtundu umenewu. Netiweki ya kumudzi imakonzedwa m'chilimwe, imaimikidwa m'chilimwe ndipo imatsegulidwa ndi nthungululu m'chilimwe, chonsecho ntchito yake yeniyeni ili m'dzinja. Ndipo pa anthu onse okhala pa msonkhano paja, wodziwa dzinja la deralo kuposa onse ndi yemwe uja wapatsidwa ntchito yokonza mipando.

Ndinaziona ndi maso anga pa siteshoni ina yaing'ono ya kafukufuku imene ndinagwirako ntchito. Amisiri anafika mwezi wa Ogasiti, tchire litapsa, mitengo ya m'phiri itayoyola masamba. Anamangirira kambale pa mlongoti, nakalozetsa ku nsanja ya kuboma, ndipo tsiku lomwelo makalata anayamba kuyenda ngati madzi a mumpopi. Pofika Novembala mitengo ija inali itavala masamba, ndipo kutumiza chithunzi chimodzi kunkatenga nthawi yoti munthu n'kuphika nsima. Mu Januwale mphenzi inagwa pafupi, chipangizo chija n'kuzima. Mlatho wa mitengo wa pamtsinje unali utakokoloka, monga unkachitira chaka ndi chaka, kotero kuti mmisiri anadzatipeza mu Epulo, chimanga chitayamba kuuma. Panalibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chinali chachilendo kwa mlonda wa pa siteshoniyo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Wina angafunse kuti n'chifukwa chiyani ndikuumirira pa dzinja. Kumbukirani mbozi zachilendo zija zofanana ndi ntchemberezandonda, zimene pa Chingerezi amati fall armyworm. Kwawo ndi ku America. Zinaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa kumayambiriro kwa 2016, ndipo pofika miyezi yoyambirira ya 2017 zinali zitalowa m'minda ya ku Zambia, Malawi, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Mu Disembala 2017 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 agwa m'ngozi chifukwa cha mbozizi. Tonse tikudziwa kuti mbozi imeneyi imagonja ikadali yaing'ono, isanabisale m'kati mwa nsonga ya chimanga, ndiponso kuti nyengo yotentha m'badwo wake umodzi umatha m'mwezi umodzi wokha. Uthenga wochedwa ndi masabata awiri ndi uthenga wa maliro. Mu 2018 bungwe la FAO linatulutsa pulogalamu ya pa foni yotchedwa FAMEWS, yoti mlangizi azilembamo zimene wapeza m'munda ndi m'misampha. Pulogalamuyo imasunga zolembazo ngakhale pamalo popanda netiweki, komabe sizipulumutsa munda wa munthu kufikira zitatumizidwa. N'chimodzimodzinso dzombe lofiira, limene limaswana m'madambo a ku Chilwa ndi Chiuta, ku Kafue, ndiponso ku Buzi ndi Gorongosa, pomwe bungwe loliyang'anira lili ku Ndola. Dzombe silidinditsa chiphaso pachipata cha dziko.

Tsono tiyeni tione zimene mmisiri amafuna kudziwa asanaimike nsanja, kuti muone nokha mmene zimalowerera m'ntchito yathu. Mbale ziwiri zolankhulana ziyenera kuonana. Ambiri amaganiza kuti mafunde a wailesi amayenda ngati chingwe chowongoka, kotero kuti ukangoona nsanja ya kutsidya ndi maso, basi zatheka. Sizili choncho ayi. Mafundewo amafuna mpata wooneka ngati bwato, wosongoka kumapeto konse kuwiri koma wotakata pakati, umene akatswiri amautchula ndi dzina la Fresnel, munthu wa ku France amene anafufuza za kuwala. Pa mtunda wa makilomita 10, ndi mafunde a 2.4 GHz omwe ndi a Wi-Fi wamba, mimba ya bwatolo imatsika mamita pafupifupi 18 kunsi kwa mzere wowongoka uja. Lamulo la amisiri ndi lakuti magawo 6 mwa magawo 10 a mpatawo, ndiye kuti mamita ngati 11, akhale opanda chotchinga. Onjezerani apo kuti dziko ndi lobulungira: pa mtunda wa makilomita 40 nthaka ya pakati imatukumuka mamita oposa 20, ngakhale pachigwa posalala ngati ku Chikwawa.

Pa chifukwa ichi phiri ndi chuma. Pofika chaka cha 2008, akatswiri a ku Blantyre, mothandizana ndi a ku likulu la sayansi la ICTP la ku Trieste m'dziko la Italy, anali atalumikiza sukulu ya madokotala ya ku Blantyre ndi Mangochi, mtunda wa makilomita pafupifupi 160. Anadumpha kuchoka pa phiri la Mpingwe kukafika pa phiri la Zomba, kenaka n'kutsetserekera kunyanja, ndipo anagwiritsa ntchito zipangizo za mtundu wa Wi-Fi. Chinawapambanitsa ndi kusankha bwino poima.

Amisiri adzakuuzani kuti zonsezi amaziwerengera pa kompyuta, ndipo sakunama. Mu Febuluwale 2000 chombo cha mumlengalenga chotchedwa Endeavour chinayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka pa gawo lalikulu la dziko lapansi, ndipo mapu ochokera pa muyeso umenewo amapezeka kwaulere. Munthu ali mu ofesi ku Lusaka angathe kuona chitunda cha ku Katete asanapondepo. Komatu mapuwo sadziwa bulugamu amene kalabu ya alimi inabzala pamtunda zaka zitatu zapitazo, ife tomwe titawalangiza, yemwe chaka chamawa adzakhala ataposa denga la tchalitchi. Sadziwa kuti nkhalango yowirira imene yaima pakati penipeni pa njira ya mafunde ndi manda, malo amene munthu sangalowemo ndi nkhwangwa. M'midzi yambiri ya Achewa, mbali zonse za malire, mitengo yachilengedwe yaitali inatsala kumanda kokha. Mapuwo sadziwanso kuti kaphiri kooneka bwino kaja akukanganirana mafumu awiri, kapena kuti chaka chilichonse osaka mbewa amatentha tchire mpaka pamwamba pake, pomwe padzadutse mawaya ochokera ku batire. Zoterezi amazidziwa ndi munthu amene wapalasa njinga m'deralo zaka zisanu.

Kusankha mafunde kuli ngati kusankha mbewu, ndipo pano mlangizi asachite manyazi, pakuti nzeru yake ndi yomweyo: palibe mbewu yokomera malo onse. Mafunde a pamwamba, monga a 5 GHz, amasenza katundu wambiri koma amagonja msanga akakumana ndi masamba onyowa kapena khoma. Mafunde a pansi, monga a wailesi yakanema a pakati pa 470 ndi 694 MHz, amapita kutali ndipo amapyola mitengo bwinoko, koma njira zake n'zopapatiza, 8 MHz iliyonse. M'madera akumidzi njira zambiri za kanemazi zimangokhala ngati tsala, osalimidwa. Mu 2013 a nthambi ya Physics ya ku Chancellor College, monga inkatchedwira nthawiyo, pamodzi ndi bungwe la MACRA ndi a ICTP aja, anayesa kudutsitsa intaneti m'mipata imeneyi ku Zomba, nalumikiza mwa zina sukulu ya atsikana ya St Mary's ndi chipatala cha Pirimiti. Chaka chomwecho ku Cape Town anayesa pa sukulu 10, ndipo mu 2018 bungwe la ICASA linakhazikitsa malamulo a njirayi ku South Africa. Kuyesaku kunaonetsa kuti n'zotheka popanda kusokoneza kanema wa anthu. Koma ndinene mosabisa kuti njirayi sinafale monga ambiri ankayembekezera, ndipo zipangizo zake sizipezeka m'sitolo wamba.

Tinaziona kale zoterezi ndi WiMAX, imene cha m'ma 2005 mpaka 2010 inkatamandidwa kuti ndiyo idzafikitse intaneti kumudzi. Makampani a mafoni anasankha LTE, opanga zipangizo anatsata kumene kuli msika, ndipo amene anagula WiMAX anatsala ndi mabokosi osowa zosinthira. Choncho mlendo akamatamanda chipangizo chake chatsopano, mufunseni mwaulemu kuti chikadzafa chinzake tidzachigula kuti, ndipo ndi ndalama ya dziko liti.

Mvula yeniyeniyo siivutitsa kwenikweni mafunde a 2.4 kapena 5 GHz. Chovuta ndi masamba onyowa ndi madzi olowa m'zolumikizira zomatidwa mwaulesi. Koma kupitirira 10 GHz madontho amayamba kumeza mafunde, monga amadziwira aliyense amene kanema wa pa mbale anamuthimira mpira uli m'kati. Setilaiti za Starlink, zimene zinayamba kugwira ntchito ku Mozambique, Malawi ndi Zambia mu 2023, ndipo ku Zimbabwe mu 2024, zimagwiritsa ntchito mafunde a m'gulu limeneli. Sindikuzinyoza ayi, pakuti zafikitsa intaneti kumene nsanja ikanatenga zaka. Komabe mbale imodzi imathera pa ofesi imodzi. Kuti intanetiyo ifike ku sikimu ya mthirira, ku dipi, kumsika wa mbewu ndi ku nyumba ya mlangizi wa kutsidya kwa dambo, mafunso onse aja a mitengo ndi mapiri amabweranso. Ndiponso mbale yake ya masiku onse imadya magetsi, mawati 50 kapena kuposerapo, usana ndi usiku.

Pa magetsi pamenepa ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mwa kuona kwanga netiweki zambiri za kumudzi zimafa ndi njala ya magetsi mafunde ali bwinobwino. Tiwerengere limodzi. Kawailesi kamodzi ka pa nsanja kodya mawati 10, kakayaka maola 24, kamatha ma watt-hour 240. Batire wamba wa mavoti 12 wolembedwa 100 Ah amasunga 1,200, koma batire wa mtovu akamakhetsedwa kupyola theka sachedwa kufa, kotero kuti ogwiritsa ntchito ndi 600 okha. Mvumbi wa masiku atatu ufuna 720. Mwaona kuti batire mmodzi, amene pa pepala amaoneka wokwanira masiku asanu, sangaolotse kawailesi kamodzi pa mvumbi umodzi. Nanga ndani amadziwa kuti m'deralo dzuwa limabisala masiku angati motsatizana? Ndi mlangizi, amene m'mawa uliwonse amawerenga kachitini koyezera mvula ndi kulemba m'buku. Wa ku Thyolo ndi Mulanje adzaonjezera kuti ngakhale mu Juni ndi Julayi chiperoni chimaphimba dzuwa, ndipo wa ku Masvingo adzatchula guti. Sola iyenera kuyang'ana kumpoto, poti tili kummwera kwa dziko, ndipo pafunika munthu woipukuta fumbi ndi zitosi za mbalame. Pafunikanso kuganizira bwino poika batire, chifukwa batire amakopa akuba kuposa nkhokwe ya chimanga.

Amene ali pa magetsi a mawaya asadzitame. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko la Malawi n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anasiya mzinda wa Beira wopanda mafoni masiku angapo, pa nthawi imene uthenga unali wofunika ngati madzi akumwa. Nsanja yopanda batire wakewake imagona tsiku lomwe ifunika kudzuka.

Za mphenzi nazo zili ndi mbali yathu. Mlongoti wachitsulo wa pamtunda umaitana mphenzi, choncho amaumangira waya wokhuthala wotsikira ku ndodo ya kopa yokhomedwa pansi. Koma ndodoyo imagwira bwino ntchito m'dothi la makande kapena la katondo lonyowa. M'mchenga wouma ndi pa thanthwe mphamvu ya mphenzi imasowa kolowera, ndipo imakathera m'zipangizo. Kodi pa msonkhano paja ndani amadziwa dothi kuposa inu?

Nanga netiwekiyo ikule bwanji? Phunziro labwino linachokera ku Macha, dera la Atonga m'boma la Choma ku Zambia, kumene anthu akomweko anayamba kufalitsa intaneti ndi mawailesi a Wi-Fi olandizana kuyambira pakati pa zaka za m'ma 2000. Poyamba mudzi wonse, chipatala ndi malo ofufuzira za malungo zinkagawana kanjira ka setilaiti kochepa zedi. Mu 2011 kanjira ka 256 kbps kanasinthidwa ndi njira ya pamtunda ya 2 Mbps, kukula kasanu ndi katatu. Ofufuza amene anatsata nkhaniyi anapeza kuti poyamba zinthu zinayenda bwino, koma patapita miyezi yowerengeka anthu anazolowera, nayamba kuchita zinthu zolemera zimene kale sankaziyesa n'komwe, ndipo njira ija inadzazanso. Zinavutika kwambiri ndi zotumiza kunja. Walira mvula walira matope: ukakuza njira, uyembekeze kuti odutsa achuluka.

Mfundo ya zotumiza kunjayi ikutikhudza ife kuposa ena. Netiweki zambiri zimakonzedwera munthu wolandira, woonera kanema ndi kumvera nyimbo, choncho njira yotsika imakhala yotakata ndipo yokwera imakhala yopapatiza. Ntchito ya mlangizi imapita mokwera. Iye amatumiza chithunzi cha tsamba la chinangwa lokwinyika ku Chitedze, ku Msekera kapena ku Mount Makulu, amatumiza kaundula wa alimi ndi lipoti la nkhumba zakufa ndi chigodola. Chithunzi chimodzi cha 3 MB, pa liwiro la 100 kbps, chimatenga mphindi zinayi, ndipo mlangizi wayendera minda khumi amakhala ndi zithunzi makumi angapo. Mmisiri sangadziwe izi ngati sitimuuza. Sangadziwenso kuti tsiku la msika anthu amachuluka kakhumi pamalo amodzi, kapena kuti m'sabata yolemba maina a olandira zipangizo zaulimi dera lonse limaunjikana pa ofesi.

Funso limene alendo aja sakonda kulimva ndi lakuti pulojekiti ikatha adzalipire ndani. Dipi zambiri m'maiko athu zinauma chifukwa cha funso lomweli, ndipo mijigo yakufa taiona tonse. Ku Mankosi, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, anthu akumudzi mothandizana ndi University of the Western Cape anayamba mu 2012 netiweki yotchedwa Zenzeleni, yoyendera sola, ndipo anaiika m'manja mwa kopaletivi yawoyawo. Zipangizo anaziika pa nyumba za anthu odalirika osankhidwa ndi mudzi, ndipo ndalama zoyambirira zinkachokera kwa anthu odzatchajitsa mafoni pa mabatire omwewo. Sindikunena kuti dera lililonse lingatengere zimenezi ndendende. Koma kuyambitsa kalabu, kulemba malamulo ake, kusankha msungichuma ndi kuthetsa mkangano wa ndalama ndi ntchito imene alangizi akhala akuichita kuyambira kalekale, mainjiniya asanaiganizire.

Kwa inu a m'malire pali chinanso. Amene amayenda pa msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pomwe mbali ina ya msewu ndi Malawi ndipo inayo ndi Mozambique, amadziwa mmene foni imalumphira ku nsanja ya dziko loyandikana, ndalama n'kutha munthu asanachoke pakhomo pake. Mafunde sadziwa malire, koma chilolezo chowagwiritsa ntchito chimathera pamalire. Ku Malawi chimachokera ku MACRA, ku Zambia ku ZICTA, ku Mozambique ku INCM, ku Zimbabwe ku POTRAZ, ndipo mabungwewa amakumana m'bungwe la CRASA. Nsanja yamphamvu yolozetsedwa kumalire ingathe kusokoneza ya anansi, choncho pamafunika kugwirizana msanga. Mlangizi wa ku Mchinji amadziwana ndi mnzake wa ku Chipata, ndipo wa ku Dedza amadziwana ndi wa ku Angónia, poti alimi awo amagula mbewu pamsika umodzi. Iwowa ndiwo angayambe kuona kuti phiri limodzi lingathe kutumikira mbali zonse ziwiri, ndi kukankhira nkhaniyo kwa akuluakulu.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukung'ung'udza. Mlangizi mmodzi ali kale ndi mabanja ochuluka kuposa amene angawayendere, njinga yake ilibe matayala, ndipo tsopano ndikumusenzetsa ntchito ya mainjiniya. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sindikuti mukwere nsanja kapena muphunzire masamu a Fresnel. Kuwerengera mphamvu ya mafunde ndi kusankha zipangizo zikhale za amisiri, ndipo pamenepo tiwalemekeze. Chimene ndikupempha ndi tsiku limodzi loyenda ndi mmisiri pansi, kuchokera pamene nsanja idzaime kukafika pamene mbale idzakhale, buku la mvula lili m'manja, mfumu ya malowo itadziwitsidwa. Zimene mwamuuza zilembedwe m'lipoti la pulojekiti, inu n'kusunga kope lanu.

Kwa akuluakulu amene amasaina mapangano ndili ndi pempho limodzi. Mbewu yatsopano siiloledwa kwa alimi chifukwa choti yachita bwino pa ndime imodzi yothiriridwa m'chilimwe. Imayesedwa nyengo zingapo, pa malo angapo, kenaka komiti n'kuvomereza. Netiweki ilandiridwenso motero. Kalata yovomereza kuti ntchito yatha isainidwe kumapeto kwa Malichi, nsanja itaona mvumbi, mphenzi ndi masamba, ndipo gawo lomaliza la malipiro a kontilakitala lidikire tsiku limenelo. M'miyezi yodikirayo mlangizi azilemba m'buku lomwe lija la mvula, pambali pa mamilimita a tsikulo, mawu amodzi okha: yayaka, kapena yazima.